Mzimu wa wokondedwa pa siteji yaing'ono: aoneke bwanji nkhope osazimirira?

Wotsogolera sewero:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Tikukonza sewero latsopano kuno ku Johannesburg, ndipo tikufuna kukalionetsanso ku National Arts Festival ku Makhanda. Nkhani yake ndi ya amuna awiri okondana. Mmodzi wamwalira, abale a malemuyo amukaniza mnzakeyo kulowa m'siwa, ndiye womwalirayo akumabwera usiku kudzamuzonda kuchipinda. Pomaliza ayenera kugwirana manja. Siteji ndi ya mamita 6 m'lifupi ndi mamita 5 kulowa mkati. Nyali tili ndi ma LED par 8 (zomwaza kuwala pamalo aakulu) ndi ma profile 4 a tungsten (za babu lotentha, zolunjika kuwala pamalo amodzi). Mavuto alipo awiri: oonerera akumuona wosewera mzimuyo akulowa nthawi isanakwane, ndipo tikamuwalitsa ndi buluu nkhope ikusowa, akungotsala maso ndi malaya. Wina watiuza za galasi la Pepper's ghost. Lingatithandize?

Womanga siteji:
Achemwali, za galasizo zisiyeni. Njira imeneyo anaionetsa ku London mu 1862: galasi limaima mopendekeka madigiri 45, wosewera amabisala pamalo owala kwambiri, anthu n'kumaona chithunzi chake. Kuti munthu aoneke thupi lonse pafunika galasi lotalika kuposa mamita 2, lolemera, losayenda nalo ulendo. Okhala m'mphepete amaona chinsinsi chonse, komanso chithunzi sichigwira munthu dzanja.

Pezani gauze ya sharkstooth (nsalu ya timabowo yopachika pa siteji), yotuwa. Yakuda sibisa bwino chifukwa sibweza kuwala, pomwe yoyera imatola kuwala kulikonse kotayikira. Muipachike mamita 1.8 kuchokera kukhoma lakumbuyo, khomalo muliphimbe ndi katani yakuda. Pamwamba mangani pa masentimita 30 aliwonse, pansi musokerere thumba n'kulowetsamo paipi yachitsulo kuti ikoke nsaluyo. Makwinya ndi amene amaulula kuti pali nsalu. Ndalama zikachepa, ena amayesa neti ya udzudzu. Musatero: mabowo ake sabisa mokwanira, yambiri ili ndi mankhwala, ndipo imasungunuka ikayandikira nyali yotentha.

Wa magetsi:
Zoona zimenezo amalume. Gauze imabisa pokhapokha kuwala kukamaigunda kutsogolo kuchokera pamwamba penipeni, ngati kukutsetsereka nayo, kumbuyo kuli mdima wa bii. Ma par 3 muwaike pafupifupi mita imodzi kutsogolo kwake, ayang'ane pansi. Nyali iliyonse yochokera kwa oonerera yomwe ikuigunda mowongoka imabowola n'kukawalitsa wobisalayo, ndipo ndikukhulupirira kuti n'zimene zikukuchitikirani ngakhale pano. Dulani ma profile akutsogolo ndi ma shutter (tizitsulo totchinga kuwala mkati mwa nyali) kuti kuwala kuthere pansi kusanafike pansaluyo.

Tsopano za nkhope, pomwe pagona nkhani. Chizolowezi chowalitsa mzimu ndi buluu wakuda chinakula pa masiteji a anthu a khungu loyera, lomwe limabweza pafupifupi mtundu uliwonse. Khungu lathu limameza buluu kwambiri. Gel (pulasitiki yamtundu yoika kutsogolo kwa nyali) ya buluu wakuda ngati Lee 181 imatulutsa kuwala kosafika 1 peresenti, ndiye munthu wakuda mukamuika mmenemo mwamufufuta. Sewero lanu likunena za munthu amene abale akufuna kuti chikondi chake chisadziwike. Nyali zisachitenso zomwezo.

Chitani chonchi. Profile imodzi kumanja kumbuyo kwa gauze, pamsinkhu wa mutu, ya gel ya Lee 137 (pepo wopepuka), kuti ikhale nyali ya nkhope. Ina kumanzere ya Lee 152 (golide wopepuka), yowala theka chabe la inzake, kuti khungu likhale ndi moyo. Buluu musamutaye, koma achokere kumbuyo ndi pamwamba, Lee 201, ajambule mapewa ndi mutu basi. Kuziziraku kukhale m'mphepete mwa thupi, nkhope ikhale yofunda. Ngati ma par anu ali a RGB okha (osakaniza kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu), musawalozetse kunkhope, amatuwitsa khungu. Zonsezi zisakhudze gauze kumbuyo, ndipo ma profile atalikirane nayo theka la mita kapena kuposa.

Cue yake, kapena kuti dongosolo losinthira nyali: zakumbuyo zikwere pa masekondi 8, zakutsogolo za gauze ziyambe kutsika patatha masekondi 3, zitsike pa 10. Pochoka mutembenuze dongosololi, ndipo wosewera asasunthe mpaka kumbuyo kutada.

Wa zovala ndi zodzola:
Ndiwonjezere pamenepo. Musamupake phulusa kapena ufa woyera kunkhope. Oonerera adzaona chizukwa, ena adzaseka, ena adzachita mantha, chisoni n'kutha. Paudala akhale wochepa kwambiri. Kunyezimira pang'ono pamphumi ndi m'masaya n'kumene kumagwira nyali zam'mbali, choncho mafuta odzola pang'ono athandiza. Malaya oyera avuleni: ndi amene akumuonetsa polowa, ndiponso diso limathamangira pa choyera n'kusiya nkhope. Avale otuwa kapena obiriwira moderako, makamaka omwe anavala ali moyo m'gawo loyamba, kuti anthu amuzindikire msanga. Nsapato za mphira, kapena opanda nsapato.

Wotsogolera sewero:
Zikomo kwambiri nonse. Nanga pomaliza adutse bwanji kubwera kutsogolo? Ndimaganizanso zothira utsi wapansi wa dry ice, chifukwa wotsalayo amakhala atagona pamphasa akulira.

Woyang'anira siteji:
Ayi mayi, dry ice pamenepo ayi ndithu. Mpweya wake ndi carbon dioxide, ndipo umaunjikana pansi pomwe pali mphuno ya wogonayo. Haze, utsi wopepuka wofalikira holo yonse, nayonso muisamale: imaonetsa mizere ya nyali zakumbuyo nthawi isanakwane, ndipo imaliza alamu ya moto mukapanda kugwirizana ndi eni holo. Ku Makhanda magulu ambiri amasinthana holo imodzi ndipo nthawi yokonzera imakhala yochepa, choncho chepetsani makina.

Zodutsa: gauze ikhale zidutswa ziwiri zopitirirana masentimita 40, paipi yapansi ikhalenso iwiri. Popitiriranapo pakhale pambali, kuseri kwa kabati kapena chitseko, chifukwa nsalu ziwiri zikasanjikizana zimapanga timizere tovina m'maso. Nyali ya pamphasa ikwere kaye kuti maso a anthu akhale pa wolirayo, mnzakeyo adutse mumdima motsata tepi yowala yomata pansi. Akafika, imulandire nyali ina ya gel ya Lee 137 yomweyo, kuti oonerera adziwe kuti ndi yemwe uja.

Kugwiranako musakusiyire mmene akumvera tsikulo. Kukonzeni ngati gule: dzanja liti, likhudze pati, kwa masekondi angati, ayambe kuchotsa ndani. Aliyense anene poyera malo omwe sakufuna kukhudzidwa, zilembedwe m'buku la cue, ndipo poyeserera gawoli mukhale anthu ofunikira okha. Tsiku lililonse sewero lisanayambe abwereze mwakachetechete kwa mphindi 5 n'kufunsana ngati china chasintha.

Wa magetsi:
Chinanso achemwali: poyesa nyali aime wosewera mwiniwakeyo, atavala zovala zake ndi zodzola zake, osati womuimira wa khungu lina. Wina akhale pampando wakumapeto kwa mzere woyamba, wina kumbuyo kwenikweni, aliyense anene pomwe wayamba kuona nkhope. Wa kumbuyoyo akapanda kuona milomo ikugwedezeka, kwezani Lee 137 ndi 10 peresenti, buluu musamukhudze.