Kodi ndagi za alimi a ku Russia zimati chiyani za eni minda?

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndikufuna thandizo. Akuti mu ndagi za alimi akale a ku Russia mumaoneka mmene ankaonera mabwana awo eni minda. Zoona zimenezi? Nanga munthu angayambire pati pozisanthula?

Namasina wa ku Ndirande: Achimwene, yambani mwadziwa chimene chinkawawa mlimiyo. Mpaka 1861, pamene mfumu Alexander II anathetsa ukapolo wa pa minda, mlimi sankachoka pamalo a bwana popanda chilolezo. Ankalipira mwa njira ziwiri: barshchina, kulima m'munda wa bwana ulele, kapena obrok, kupereka ndalama kaya zokolola. Mu 1797 mfumu Paul I ananena kuti masiku atatu pa sabata ngokwanira, koma eni minda ambiri sanalabadire. Kwa ife kuno nkhaniyi si yachilendo, ndi thangata yemwe uja wa m'maesiteti a ku Magomero, amene anakwiyitsa anthu mpaka nkhondo ya Chilembwe mu 1915.

Mphunzitsi Wopuma: Mayi afotokoza bwino. Koma musayembekezere ndagi yoti yankho lake n'kukhala "bwana". Zimenezo n'zosowa. Dmitry Sadovnikov anasindikiza ndagi zoposa 2,000 mu 1876, ndipo zambiri mayankho ake ndi ng'anjo, tsache, chikwakwa, ng'ombe. Bwanayo, amene ankamutcha barin, amabisala m'funso.

Nayi yodziwika: mlimi amataya pansi, bwana amasunga m'thumba. Yankho ndi mamina! Mlimi amamina ndi zala, bwana amaminira pa kansalu n'kupinda bwinobwino. Taonani pamene pali mbola: chimene wosauka akuchiyesa nyansi, wolemera akuchisunga ngati chuma. Palibe watukwana, koma wonyozeka wadziwika. Ina imati dona wakhala m'supuni, miyendo lendelende. Ndi chakudya cha ufa wa tirigu chonga sipageti. Dona sagwira ntchito, amangokhala tambalale, mapeto ake n'kumezedwa.

Posanthula, lembani funso kumanzere, yankho kumanja, kenako onani kuti bwana wamufanizira ndi chiyani, komanso akuchita chiyani: wakhala, wagona, kapena wavala zambiri.

Wa ku Bangwe: Ndionjezepo pomwe anthu amaphonya. Akamasulira, kugwirizana kwa mawu kumafa. Ya dona ija imakoma chifukwa m'Chirasha mawu a lozhke (supuni) ndi nozhki (miyendo) amamveka mofanana, ndiye mwina dona analowamo chifukwa cha kamvekedwe ndi nthabwala chabe, osati mkwiyo. Musamange mlandu wonse pa ndagi imodzi.

Chachiwiri, olemba ndagizi anali anthu ophunzira, ena a mtundu wa mabwana omwewo. Mlimi akanaponya ndagi yolasa kwambiri pamaso pa mlendo wonyamula cholembera? Ndikukayika. Komanso boma linkayamba laona buku lisanasindikizidwe. Choncho ziikeni pambali pa miyambi imene Vladimir Dal anatulutsa mu 1862 ndi nthano za bwana wopusa wopusitsidwa ndi mlimi, chifukwa m'nthano ndimo amamuvula poyera.

Wa ku Chilomoni: Zikomo nonse. Ya mamina ija ndiiponya kunyumba madzulo ano, tione ngati ana aipeze.