Kodi purosesa yamphamvu imafulumizitsa kukopa ndi kubena ma DVD?

Tadala88 analemba:

Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za makompyuta. Ntchito yanga yaikulu ndi kukopa ma DVD ndi kubena (kulemba deta pa chimbale) ma CD, koma kompyuta imene ndili nayo, ya purosesa ya Core i3, imachedwa moti anthu amatopa kudikira. Mnzanga wina wandilangiza kuti ndigule ya Core i7, akuti chimbale chizidzadza m'kanthawi kochepa. Kodi zimenezi ndi zoona, kapena vuto lili pena?

Mkonzi_wa_PC anayankha:

A Tadala, musafulumire kugula. Ngati mukubena fayilo imene ili yokonzeka kale, monga ya ISO (fayilo imodzi yosunga zonse za pa chimbale monga momwe zilili), purosesa ilibe ntchito yambiri, chifukwa imangoyang'anira kuti deta iziyenda kuchokera pa hard disk kupita ku draivu (chipangizo chowerenga ndi kubena zimbale), ndipo zimene zimaika malire a liwiro ndi draivuyo pamodzi ndi chimbale chimene mwaikamo.

Taonani manambala ake. Liwiro la 1x pa DVD ndi pafupifupi 1.38 MB pa sekondi, choncho 16x ndi pafupifupi 22 MB pa sekondi, pamene CD pa 52x safika ngakhale pa 8 MB. Katundu ameneyu ndi wopepuka kwambiri kwa purosesa iliyonse ya masiku ano. DVD ya 4.7 GB imadzaza m'mphindi pafupifupi 6 pa 16x, kaya muli ndi i3 kapena i7. Dziwaninso kuti draivu siiyamba ndi liwiro lolembedwa pa bokosi lija: imayamba kulemba chapakati pa chimbale, pomwe mzere uli waufupi, ndipo liwiro limakwera pang'onopang'ono mpaka pofika m'mphepete. Mukafuna kutsimikiza, tsegulani Task Manager, pulogalamu ya Windows yoonetsa mmene purosesa ikugwirira ntchito, pamene mukubena, ndipo mudzaona kuti purosesa ikungogwiritsa ntchito kagawo kochepa ka mphamvu zake.

MayiNgozo anayankha:

Zimene anenazi ndi zoona, koma funso lili ndi mbali ina imene sitiyenera kuisiya. A Tadala, kodi mumakopa chimbale monga momwe chilili, kapena mumasintha kanemayo kaye? Pamenepa ndi pamene purosesa imaonekera. Kanema wodzaza DVD ya 8.5 GB sangakwane pa chimbale cha 4.7 GB pokhapokha atafinyidwa, ndipo kufinyako ndi masamu okhaokha, chithunzi ndi chithunzi. N'chimodzimodzinso posandutsa fayilo ya MP4 kuti ikhale ya MPEG-2 yoti iziwerengedwa ndi DVD player, kapena posandutsa DVD kukhala H.264, mtundu wina wa kanema wofinyidwa, ndi pulogalamu ya HandBrake. Pa ntchito zoterezi purosesa ya ma core ambiri (magawo amene aliyense amagwira ntchito payekha) imatsiriza msanga ndithu, chifukwa mapulogalamuwa amagawa ntchitoyo ku ma core onse. Mapurosesa ambiri a Intel kuyambira mu 2011 alinso ndi Quick Sync, gawo lopangidwira kusintha makanema, ndipo ma i3 ambiri ali nalo.

Kusandutsa nyimbo za MP3 kuti zikhale CD yoimbika pa wailesi sikulemera konse, choncho musakuwerengere.

Tadala88 analemba:

Zikomo kwambiri nonse. Nthawi zambiri ndimakopa chimbale monga momwe chilili, koma kuwerenga DVD yoyambayo ndi kumene kumachedwetsa kuposa kubena. Draivu yanga ndi yakunja, ya USB.

Mkonzi_wa_PC anayankha:

Ndiye kuti purosesa ilibe mlandu. Ma draivu ambiri amachepetsa dala liwiro akazindikira kuti muli DVD ya kanema, kuti asamachite phokoso munthu akamaonera, ndipo zimenezi zimachedwetsa kukopa ngakhale kompyuta itakhala yamphamvu chotani. Chimbale chokandika nachonso chimachititsa kuti draivu iziwerenga malo amodzi mobwerezabwereza. Ma draivu aang'ono opyapyala a USB nthawi zambiri amalekera pa 8x pa DVD, pamene aakulu olowa mkati mwa kompyuta pa chingwe cha SATA amafika 16x kapena 24x. USB 2.0 payokha imakwanitsa 16x, choncho kaonetsetseni chimene chalembedwa pa draivuyo musanaimbe mlandu chingwe.

Gogo_IDE anayankha:

A Tadala, maganizo a mnzanu uja ali ndi kumene anachokera. Kale, pa makompyuta olumikiza draivu ndi chingwe cha IDE, draivu ikakhala pa njira ya PIO m'malo mwa DMA (imene imatumiza deta mosadutsa m'purosesa), deta yonse inkadutsa m'purosesa, ndipo purosesayo ikatanganidwa pang'ono buffer ya draivu (mosungira deta yodikira kulembedwa) inkauma, chimbale n'kuwonongeka pakati pa ntchito. Windows XP inkatha kubwezera draivu ku PIO payokha ikakumana ndi zolakwika zingapo powerenga. Vuto la buffer linachepa kuyambira cha mu 2000, pamene njira monga BURN-Proof ya Sanyo zinalola draivu kuima kaye n'kupitiriza pomwe inalekera.

A Tadala, ine ndikanati mugule ma draivu awiri a SATA. Werengani chimbale choyambacho kamodzi kokha, musunge ISO yake pa SSD (chosungira deta chachangu kuposa hard disk), kenako muzibena kuchokera pamenepo pa ma draivu onse awiri nthawi imodzi. Core i3 yanuyo idzakwanitsa popanda vuto.