Mtundu ukusintha tikasindikiza, ndithandizeni akuluakulu

Moni nonse. Ndine mwana wasukulu wa chaka chachiwiri, ndipo semesita ino andilemba kaganyu kothandizira mu ofesi ina pakoleji pathu. Ntchito yanga ndi kukonza maposita ndi kuika nkhani pa webusaiti yathu ya WordPress.

Sabata yatha ndinakonza posita ya A3 pa Canva, pulogalamu yokonzera maposita pa intaneti. Pa laputopu inkaoneka bwino zedi, buluu wowala ngati wa nyanja masana. Titakaitenga kwa osindikiza, buluu uja anatuluka wofiirira, ngati wachita dzimbiri, ndipo m'mphepete munatsala kamzere koyera. Bwana anangondiyang'ana osanena kanthu, manyazi ake osasimbika.

Osindikiza aja akuti vuto ndi langa: ndinawatumizira RGB (mitundu ya pa sikirini) pomwe makina awo amafuna CMYK (mitundu ya inki yosindikizira), zithunzi za 300 dpi (madontho 300 pa inchi) komanso bleed ya mamilimita 3 (chithunzi kupitirira pang'ono pomwe adzadule pepala). Za bleed ndazimvetsa. Koma pa Canva yaulere CMYK ndi yotseka, akufuna ulipire Pro, ndiye ndi kandalama ka ganyu aka sindingakwanitse. Mnzanga wina akuti pulogalamu ina yotchedwa Scribus imatulutsa PDF ya CMYK mwaulere. Alipo amene anaigwiritsapo ntchito? Kodi ndingalowetsemo posita yopangidwa kale, kapena ndiyambirenso?

China, font (kaonekedwe ka zilembo) yomwe ofesi imakonda ilibe chilembo cha ŵ. Ndikalemba Malaŵi pamatuluka kabokosi. Inu mumagwiritsa ntchito iti?

Posita ina ikufunika Lachisanu, chonde musandisiye ndekha.