Mayi anga akufuna kudziwa kuwerenga: ayambe sukulu ya kwacha kapena mdzukulu awaphunzitse pakhomo?

Mwana wa ku Chisitu:

Ndikupatsani moni nonse. Ine ndimagwira ntchito ku Limbe, ndipo ana anga awiri amakhala ndi mayi anga kumudzi, kufupi ndi Chisitu m'boma la Mulanje. Mayiwo ali ndi zaka 58 ndipo sadapondepo m'kalasi, chifukwa pa utsikana wawo sukulu inali yolipira ndipo kandalama komwe kankapezeka pakhomo kankapita kwa alongo awo. Ali ndi kamunda ka tiyi, koma akapita kokayezetsa masamba amangovomera makilogalamu amene auzidwa, kenaka n'kudinda chala. Ndikawatumizira ndalama pa Mpamba, uthenga amawawerengera ndi mnyamata wa nyumba yoyandikana nayo, yemwenso amadziwa nambala yawo yachinsinsi.

Mwezi watha mwana wanga wamkazi, yemwe ali sitandade 2, adabwera ndi buku la Chichewa atauzidwa ndi aphunzitsi kuti akawerengere makolo. Agogo ake adamvetsera mpaka kumapeto, ndipo usiku womwewo adandiimbira foni kundifunsa ngati munthu wa msinkhu wawo angathebe kudziwa malembo. Funso limenelo landisowetsa tulo. Kodi ndiwalimbikitse kuti ayambe sukulu ya kwacha, ndipo ngati ndi choncho ndiyambire kuti? Kapena mdzukulu wawoyo akhoza kumawaphunzitsa pang'onopang'ono madzulo, popeza akuopa kusekedwa ndi anzawo?

Mphunzitsi wakale wa kwacha, Luchenza:

Mayi, funso lanu ndalimva, ndipo ndiyambe n'kukutsimikizirani kuti zaka 58 si ukalamba pa nkhani ya malembo. Ndidaphunzitsapo amayi okulirapo kuposa pamenepo, ndipo ambiri mwa iwo masamu a pamtima ankandiposa, popeza munthu amene wagulitsa nanazi ndi nandolo moyo wake wonse sasowa kuphunzitsidwa kuwonkhetsa. Chimene amasowa ndi kuzindikira manambala akalembedwa papepala.

Sukulu za kwacha zili m'ndondomeko ya boma yophunzitsa anthu akuluakulu, yomwe idakhazikitsidwa m'dziko lonse mu 1986. Anthu ambiri amasokera pokafunsa ku ofesi ya zamaphunziro, pamene sukuluzi zimayendetsedwa ndi unduna woona za chitukuko cha m'madera. Choncho pitani kwa mfumu ya m'mudzi mwanu kapena kwa a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC), akulozereni mlangizi wa chitukuko wa dera lanu, kapena mukafunse ku ofesi ya chitukuko cha m'madera pa boma. Maphunzirowo ndi aulere, amachitika masana anthu ataweruka kumunda, m'kalasi ya pulayimale, m'tchalitchi kapena pansi pa mtengo, ndipo amatenga miyezi khumi. Amaphunzira kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera m'Chichewa, nkhani zake zikukhudza ulimi, ukhondo, zaumoyo ndi malonda, ndipo pamapeto pamakhala mayeso ndi satifiketi.

Koma ndisakubisireni zovuta zake. Kuno kwathu ku Thyolo ndi ku Mulanje, mvula ikangoyamba tiyi amaphuka kwambiri, ndipo kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo othyola amabwerako atatheratu, pomwe ena ali kalikiliki kupalira chimanga kapena kusaka ganyu chifukwa ufa watha m'nyumba. Kalasi yomwe inali yodzaza mu Ogasiti imatsala ndi anthu owerengeka, ndipo amene wajomba milungu itatu amachita manyazi kubwerera chifukwa anzake apita patsogolo. Aphunzitsi nawonso ndi anthu ongodzipereka olandira kangachepe, motero nawo amakhala ndi minda yawo yoti aisamale. Vuto lalikulu koposa, lomwe lidandipweteka mtima kangapo, ndi kuiwala. Munthu amakhoza mayeso bwinobwino, koma akapita kunyumba komwe kulibe chowerenga chilichonse, pakatha zaka ziwiri amangotsala ndi dzina lake lokha. N'chifukwa chake ine sindikuona kuti mukuyenera kusankha chimodzi. Ayambe sukulu kuti apeze maziko kwa munthu wodziwa kuphunzitsa akuluakulu, koma chimene chidzasunge malembowo m'mutu mwawo ndi buku la mdzukuluyo.

Aphunzitsi a sitandade 2, Mulanje:

Ndikugwirizana ndi amene andiyambirawa, koma pa zoti mwana akhale mphunzitsi wa agogo ake ndikupemphani kuti musamale. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sadziwa kubisa kuseka, ndipo wamkulu akalakwitsa kawiri pamaso pa mdzukulu wake amatseka buku osadzalitsegulanso. Komanso mwanayo akadali kuphunzira, motero zimene sadazigwire bwino akhoza kuzipatsira agogo ake.

Chiyambireni ndondomeko ya boma yolimbikitsa kuwerenga mu 2016, ana a sitandade 1 mpaka 4 timawayambitsa ndi maliwu a malembo, kenaka maphatikizo monga ma, me, mi, mo, mu, ndipo akatero amalumikiza maphatikizowo kukhala mawu. Ubwino wa Chichewa ndi wakuti chimalembedwa monga momwe chimamvekera, kotero kuti munthu amene wagwira a, e, i, o, u ndi maphatikizo ochepa amayamba kuwerenga mawu enieni msanga. Pamene ana ndi akulu omwe amapunthwa ndi pa maphatikizo a malembo ambiri, monga mpha, nkho, tcha ndi ng'o, ndipo apa m'pofunika mphunzitsi woleza mtima osati mwana.

Chimene ndimawauza makolo pa misonkhano n'chakuti kholo losadziwa kuwerenga lili ndi gawo lalikulu ndithu pa kuwerenga kwa mwana. Agogowo akhale pamphasa pafupi ndi mwanayo, iye aziwerenga mokweza akuloza mawu ndi chala, ndipo iwo azimufunsa kuti nkhaniyo yati chiyani, walakwa ndani, nanga akadakhala iye akadatani. Mwana amene amangotchula mawu osamva tanthauzo amagwidwa ndi mafunso oterewa, ndipo pofunsa mafunso agogo ndi akatswiri kuposa ife. Pamene maso awo akutsata chala cha mwanayo tsiku ndi tsiku, malembo amene aphunzira masana ku kwacha adzayamba kuwaonekera okha, popanda wina kuwayesa mayeso. Tsiku lina asinthane, agogo ayambe "Padangokhala", ana avomere "Tilitonse", ndipo mwana wanu winayo alembe nthanoyo m'kope. Imeneyo idzakhala nkhani yoyamba imene mayi anu adzaiwerenge mosavuta, chifukwa mawu ake adachokera m'kamwa mwawo. Ngati amalankhula Chilomwe, musawaletse kulowetsamo mawu ndi nyimbo za Chilomwe, poti ana ambiri kuno akukula osachidziwa.

Inuyo mbali yanu ndi kugula nyali ya sola yowala bwino, makope awiri ndi mapensulo, ndiponso kuonetsetsa kuti kope la agogo ndi lawolawo, ana asamalembemo.

Bambo wa ku Thekerani:

Ine ndidalowa sukulu ya kwacha ndili ndi zaka 46, ndipo m'kalasi monse mwamuna ndinali ndekha, moti anzanga a pa bawo ankanditcha dzina la chipongwe kwa chaka chathunthu. Chimene chidandikakamiza ndi banki m'khonde, chifukwa ndinkasunga ndalama koma sindinkatha kuona zimene zalembedwa m'buku langa la masheya.

Pali zinthu ziwiri zimene aphunzitsi athuwa sadazitchule. Choyamba ndi maso. Milungu yoyambirira ndinkadziona ngati mbuli yotheratu chifukwa malembo ankangosakanikirana, kufikira nditapita kuchipatala n'kupatsidwa magalasi owerengera, ndipamene ndidazindikira kuti vuto silinali mutu. Munthu wa zaka 58 ayambe wayezetsa maso asadagwire buku. Dzanja lozolowera khasu nalonso limauma pa pensulo, choncho asadabwe ngati kuwerenga kukuyenda koma kulemba kukutsalira. Chachiwiri ndi nambala yachinsinsi ija. Imeneyo musadikire miyezi khumi, mukapita kumudzi mukaisinthe, ndipo mukawaphunzitse manambala khumi a pa foni mpaka azitha kuidina okha.

Pa za mdzukulu ndikusiyana pang'ono ndi aphunzitsi a sitandade 2. Ine amene adandithandiza kwambiri ndi mwana wanga wotsiriza, ndipo ankandiseka ndithu, koma kusekedwa ndi mwana wako m'nyumba n'kopepuka kusiyana ndi kudinda chala pagulu. Zimatengera mtima wa munthu, ndipo mayi anu mukuwadziwa ndinu. Chokhacho n'chakuti asapite okha kusukuluko, apeze mnzawo wa kutchalitchi kapena wa kumunda woti aziitanana, chifukwa nyengo ya mvula ikafika woyenda yekha ndiye amayamba kusiya.

Mwana wa ku Chisitu:

Zikomo kwambiri nonse. Za maso sindidaziganizireko n'komwe, chonsecho mayi akhala akudandaula kuti ulusi sukulowanso pa singano. Ndipita kumudzi kumapeto a mwezi uno, tikayamba ndi kuchipatala ndi nambala ya foni ija, kenaka ndikaonana ndi amfumu za kalasi yomwe ili pafupi. Ndalankhula nawo dzulo, ndipo akuti mayi ena awiri a m'gulu lawo la kutchalitchi akhoza kupita nawo limodzi. A ku Luchenza, ndifunseko chimodzi: ngati titapeza kuti kalasi idayamba kale miyezi ingapo yapitayo, kodi ndi bwino alowe pakati pomwepo, kapena adikire gulu latsopano uku akuzolowera manambala ndi dzina lawo pakhomo?