Abusa anzanga, mkulu wa mpingo wa msinkhu wa bambo ako umamudzudzula bwanji?

A admin, chonde mundibisire dzina.

Ndine mbusa wa zaka 33, ndipo pa mpingo uno wa kumudzi ndathapo miyezi 9. Pali mkulu wa mpingo mmodzi amene akundisowetsa tulo. Ndi bambo a zaka za m'ma 70. Malo amene pali tchalitchi anapereka ndi malemu bambo awo, ndipo amfumu a mudzi uno ndi mphwawo. Zaka zitatu zimene mpingo unakhala wopanda mbusa, iwowa ndiwo ankapalasa njinga kukalalikira pamaliro ndi kukazonda odwala. Zimenezi sindizipeputsa ngakhale pang'ono.

Koma seshoni (msonkhano wa akulu a mpingo) isanakhale, amayamba aitanira akulu anzawo pakhonde pawo, moti tikamakumana nkhani zonse zimakhala zitagamulidwa kale. Ndikafunsa amangoti, "Mwana wanga, kuno sitichita choncho." Poyamba ndinkapirira, ndimvekere ndine mlendo. Chandiwawa ndi chimanga cha masika. Matumba 40 anagulitsidwa mu Ogasiti, koma m'buku la msungichuma mulibe ngakhale tambala. Sindikunena kuti anaba ayi. Mwina ndalamazo zinapita ku malata a nyumba imene ndikugonayi. Komabe achinyamata ayamba kung'ung'udza, ndipo mabanja awiri asiya kupereka chakhumi.

Ndinapita kwawo ndekha monga umanenera Mateyu 18:15. Anandiphera nkhuku, tinadya bwino, koma nditatchula za chimanga anayamba kufotokoza za mvula ya chaka chatha. Pa 1 Timoteo 5:1 Paulo akuti wachikulire ndimudandaulire ngati bambo anga, koma mutu womwewo pa ndime 20 akuti ochimwa adzudzulidwe pamaso pa onse. Ndaima pakati pa ndime ziwirizi. Ndikapita ku presibitale (bwalo loyang'anira mipingo ya dera lathu), mudzi wonse unena kuti mwana wadzulo wachititsa manyazi gogo. Ndikakhala chete, ndikhala ngati ndavomereza.

Mbusa wopuma: Abusa, musathamangire ku presibitale. Ndime 19 ya mutu womwewo ikufuna mboni ziwiri kapena zitatu, inu muli ndi buku lopanda kanthu basi. Ikani pa ndondomeko ya seshoni kuti komiti iliyonse, ndi ya amayi yomwe, ibweretse malisiti a chaka chino. Zikatero mkuluyo saona ngati mwamuloza chala.

Mayi wina: Funsani amayi amene anayeza chimangacho, amadziwa zonse. Komanso bambowo mwina akuopa kuti mwabwera kudzawachotsa. Munawathokozapo pa guwa chifukwa cha zaka zitatu zija?

Mwini funso: Mayi, sindinawathokozepo, ndipo zandikhudza. Lamulungu lino ndichita zimenezo. Abambo, za malisiti ndazimva, koma mlembi wa seshoni amene amalemba ndondomekoyo ndi mkamwini wa mkuluyo. Ndiyambe ndakhala naye pansi iyeyo, kapena ndikangoitchula nkhaniyi seshoni ili mkati?