Akuti nditumize ndalama ku akaunti ina, ndichite bwanji?

Mayi wa ku Kapata
Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kasitolo ka nyale za sola ndi machaja kuno ku Chipata, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikuoda ku Kamwala. Tsopano ndapeza kampani ya ku Yiwu, ku China. Tagwirizana $2,400, nditsogoze 30 peresenti, yotsalayo ndidzamalize katundu akakonzeka. Koma usiku wathawu kwabwera imelo yoti akaunti yomwe ili pa invoyisi ili ndi vuto, nditumize ku ina ya ku Hong Kong, ya dzina la munthu. Ndalamazi zina ndi za chilimba, zina ndagulitsa nshawa za amayi anga. Mtima uli m'mwamba.

Mkulu wa ku Katete
Amayi, musatumize ngakhale ngwee imodzi. Ine zinandionekera pa oda ya masipeya a njinga zamoto. Akuba analowa mu imelo ya wogulitsayo, n'kumawerenga zonse zomwe tinkakambirana. Nthawi yolipira itakwana, anangosintha nambala ya akaunti. Kalembedwe komweko, chidindo chofiira chomwecho. Ndinadzidzimuka patatha sabata ziwiri, mwini katundu atafunsa kuti ndalama zili kuti. Kubanki anayesa kuziitanitsa, koma ndalama zotumiza pa banki (T/T) zikalowa, wina n'kutapa, sizibwerera wamba. Ngongoleyo ndinaibweza chaka chathunthu, mkazi wanga akugulitsa zitumbuwa kuti ana asasiye sukulu.

Imeloyo musaiyankhe. Imbani pa nambala yomwe munali nayo kale, pa vidiyo, akuwerengereni akaunti mukumuona nkhope. Iwo ali patsogolo ndi maola 6, ndiye mulawirire mbandakucha.

Wa za katundu pa Mwami
Hong Kong payokha si mlandu, makampani ambiri a ku China amalandirira madola kumeneko. Chondiopsa ine ndi dzina la munthulo. Dzina la pa akaunti lifanane ndi la pa invoyisi, chilembo ndi chilembo. Apempheninso chithunzi cha laisensi ya kampani, imakhala ndi nambala ya zilembo 18. Kubanki mukapite ndi proforma invoice, invoyisi yomwe amakupatsani musanalipire, ndipo mukatumiza mutenge kapepala ka umboni woti mwatumiza, komwe ambiri amati MT103. Mudzakafuna a msonkho a ZRA akamafunsa mtengo weniweni wa katundu. Pa fomu ya kubanki mukasankha SHA, kutanthauza kugawana zolipira, mabanki a panjira amadulako, wogulitsa n'kumati ndalama zaperewera. Mukasankha OUR, zolipira zonse zimakhala zanu, koma mkangano umachepa.

Mtsikana wa mawigi, Petauke
Ngati munawapeza pa webusayiti ya Alibaba, bwanji osalipira kudzera mu Trade Assurance, njira yawo yotetezera ogula? Koma ndalama zipite ku akaunti yomwe yalembedwa mu odayo, mukalipira kumbali chitetezo palibe. Ine 70 peresenti sinditulutsa ndisanaone makatoni anga pa vidiyo, dzina langa litalembedwapo.

Mayi wa ku Kapata
Akulu a ku Katete, Mulungu akudalitseni. Ndaimba 4 koloko m'mawa. Mtsikana wa kukampaniko anachita kugwira pakamwa, akuti imeloyo si yawo ndipo akaunti sinasinthe. Laisensi anditumizira, mayina akufanana. Lolemba ndikupita kubanki. Atate a pa Mwami, katunduyu ndimudutsitse ku Dar es Salaam ndi Nakonde, kapena ku Beira adzalowere pa Chanida?