Ma factor a 720720: ndi 240 kapena 576?

Mayi Nyirenda, Bangwe: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni tisanayambe kuchonga. Pa pepala la masamu la cluster yathu pali funso lofuna kuchuluka kwa ma factor a 720720. Marking scheme ikuti 240, koma ana angapo apeza 576. Iwo agawa nambalayi kukhala 60 × 12012, apeza ma factor 12 ndi 48, n'kuchulukitsa. Aphonya pati?

Bambo Chikopa, Ndirande: Yankho ndi 240, mayi. Anawo 12 ndi 48 apeza bwino, koma kuchulukitsa kotereku kumagwira pokhapokha zigawo ziwirizo zilibe prime yofanana. 60 ndi 12012 onse ali ndi 2 ndi 3, ndiye factor imodzi ikuwerengedwa kangapo. Tengani 6: akutuluka ngati 6 × 1, 1 × 6, 2 × 3 ndi 3 × 2. Factor imodzi, kuiwerenga kanayi.

Njira yosaphonya ndi iyi. Nambala ya manambala atatu ikalembedwa kawiri motere, ndiye kuti yachulukitsidwa ndi 1001. Choncho 720720 = 720 × 1001. Pamenepo 720 = 2⁴ × 3² × 5, ndipo 1001 = 7 × 11 × 13. Pa power iliyonse onjezanipo 1, muchulukitse: 5 × 3 × 2 × 2 × 2 × 2 = 240. Apa 30 × 8 (ma factor 30 a 720 ndi 8 a 1001) ikugwiranso chifukwa 720 ndi 1001 sagawana prime iliyonse.

Mayi Nyirenda: Zamveka. Nanga gawo (b) lija, nambala yaing'ono yochulukitsa nayo kuti ikhale perfect square?

Bambo Kalua, Chilomoni: Yang'anani ma prime okhala ndi power ya odd: 5, 7, 11 ndi 13. Mukawachulukitsa mupeza 5005, ndipo 720720 × 5005 = 3607203600, yemwe ndi 60060². Ndi manambala 10, amakwana pa calculator ya sayansi. Ana ambiri amaphatikizamo 3 poona kuti ndi odd, pamene chofunika ndi power yake, osati prime yeniyeniyo.

Bambo Chikopa: Kwa a kalabu ya masamu, 720720 ndi LCM ya 1 mpaka 16, kutanthauza nambala yaing'ono kwambiri yomwe manambala onsewo amaigawa osatsala kanthu. Pa 17 ndi pomwe imakanika, imatsala 5. Ndi abundant (nambala yomwe ma factor ake onse akaphatikizidwa amapitirira kawiri nambalayo), chifukwa ma factor ake onse akaphatikizidwa akupereka 31 × 13 × 6 × 8 × 12 × 14 = 3249792, kupitirira kanayi nambalayo. Ma factor awiri oyandikana kwambiri omwe akachulukitsidwa amapereka 720720 ndi 840 × 858.

Mayi Mbewe, Limbe: Pa kachongedwe, ine ndikuti opeza 576 apatsidwe malikisi a 12 ndi 48 okha, a njira yomaliza ndi a yankho ayi. Koma tigwirizane tonse lero, mwana wa ku Bangwe asachongedwe mosiyana ndi wa ku Limbe.

Mayi Nyirenda: Ndavomera, mayi. Ndikonza marking scheme, ndilembemo 30 × 8 ngati njira ina yovomerezeka, nditumiza madzulo ano.